Padirinyu wa Jipi ya Malemu

Jipi ya malemu bambo ake a Benilde inali yaikulu msinkhu kuposa Benildeyo, ndipo ku Fíngoè kunalibe mwamuna wamphamvu zake amene sanaikankhepo tsiku lina. Bambowo anaigula kwa ansembe atangobwerera kuchokera ku Zambia kumene anathawira nkhondo, ndipo anaiyendetsa mpaka matenda anawatsitsa pa chiwongolero. Chimwalirireni iwo, jipiyo inkangokhala pansi pa mtengo wa mango, nkhuku zikuikira mazira kunsi kwake.

Nyumba nayo inali itatopa. Khoma la kuchipinda kwa mayi ake, a Serafina, linang’ambika ndi mvula ya chaka chatha, ndipo tsopano linkaimirira chifukwa cha mitengo yochirikiza ndi mapemphero. Amalume ake a Benilde, a Moisés, amene ankagamula nkhani zonse za pabanjapo, sanachulutse mawu. Jipi igulitsidwe, nyumba imangidwe. Ikapanda kupeza wogula mvula isanawononge msewu wa ku Tete, aitenge Nazário, wogula golide kwa anyamata a m’maenje, amene analonjeza kumanga nyumba yatsopano ya njerwa zootcha. Palibe amene ananena mokweza kuti Nazário sankafuna jipi yokha. Panalibenso chifukwa chonenera. Munthuyo anali atayamba kale kutchula a Moisés kuti amalume.

Koma mtima wa Benilde unali kuseri kwa msika, ku ofisina kumene Adilson, makaniko wochokera ku Songo, ankaswera kunsi kwa magalimoto a anthu. A Moisés ankazidziwa zimenezi. Sanavomere, sanakanenso. Anangoti, “Ya jipi ikatha, akwawo abwere tiwamve.” Kwa munthu ngati a Moisés, amenewo anali mawu otsekemera kwambiri a chaka chonse.

* * *

Adilson anafika dzuwa lisanapse, napeza Benilde ataima pafupi ndi jipi, ndowa ili kumanja, sopo kumanzere.

“Eee! Ika pansi ndowayo!”

“Bwanji? Ukufuna anthu aone zitosi za nkhuku?”

“Zitosizo aziona ndipo azikonda. Koma ukangotsuka injini, atiseka mpaka Khirisimasi. Kwa anthu amenewa injini yotsuka ndi injini yobisa matenda.”

Anthu amenewa anali a Fumbi ndi Dizilo, gulu la pa WhatsApp la okonda majipi akale. Anali a ku Tete, a ku Songo, a ku Ulónguè, ena mpaka ku Beira, amuna oiwala tsiku limene anakwatira koma osaiwala chaka chimene jipi ya mnzawo inasinthidwa giyabokosi. Ku Fíngoè jipi ya malemu inali chitsulo chodikira dzimbiri. M’gulu limenelo ikanakhala ngati mkwatibwi, ndipo kunalibe kwina kumene akanaigula pa mtengo womanga nyumba. Koma gululo linali ndi malamulo, ndipo mkulu wake, Sinyoro Benedito, dalaivala wopuma pantchito wa ku Tete, ankawasunga ngati katekisimu.

Adilson anamupatsa Benilde foni kuti ajambule vidiyo. Anatsegula boneti nagoneka dzanja pa injini, kuti aliyense aone kuti ndi yozizira, sinatenthetsedwe mobisa. Kenako analowa napotokola kiyi. Jipi inatsokomola, inaganiza, inatsokomolanso, kenako inalira ndi mawu aja amene Benilde ankawamva ali mwana, bambo ake akadali kuseri kwa phiri. A Serafina anatulukira pakhomo, anaima pang’ono, nabwereranso m’nyumba. Benilde anajambula utsi. Anajambula kunsi, Adilson atagona chagada akugogoda chitsulo ndi sipanala. Anajambula ngakhale chitseko chakumbuyo chomangidwa ndi chingwe, chifukwa m’gululo chilema chobisa chinali tchimo, pamene chilema choonetsa chinali ulemu.

Atamaliza, Adilson anakhala pa bampala akupukuta manja nthawi yaitali kuposa mmene manjawo ankafunira.

“Latsala lamulo limodzi,” anatero.

“Nena.”

“Iwe suli m’gulu. Galimoto ya munthu wakunja imalowa ndi padirinyu, munthu wa m’gulu amene waiyendetsa yekha ndipo akuiikira dzina lake. Akanama amachotsedwa, galimotoyo imafufutidwa, palibe amaiyang’ananso.”

“Ndiye vuto lili pati? Padirinyu ndiwe.”

“Padirinyu asakhale m’bale wa wogulitsa. Asakhale mlamu. Asakhale mkamwini.” Anayang’ana nkhuku. “Asakhalenso wofuna kukhala mkamwini.”

Benilde anaseka, poyesa ndi nthabwala.

“Sindikuseka, Beni. Wina anaikira kumbuyo galimoto ya apongozi ake, giya inathera panjira wogula asanafike kwawo. Chichokereni pamenepo, padirinyu amatumiza awudiyo, mawu ake enieni, kunena kuti iye ndi wogulitsa palibe chilichonse.”

“Peza wina.”

“Ndani angaphe matayala ake pa msewu uwu kudzayendetsa galimoto ya eni? M’boma lathu lonse la Marávia, a m’gulu tilipo awiri basi.”

“Winayo ndani?”

“Nazário.”

Benilde anakhala pansi. Kusukulu ankakonda mafunso opotoka aja, a munthu wofuna kuwolotsa mbuzi, fisi ndi chimanga pa bwato limodzi. Mafunso amenewo ankakhala ndi yankho nthawi zonse, aphunzitsi ankangolisunga m’thumba. Ili linali la mtundu wina. Kuti akwatiwe ndi Adilson, jipi inayenera kugulidwa ndi munthu wina osati Nazário. Kuti jipi igulidwe, Adilson anayenera kumukana. Analitembenuza funsolo uku ndi uku osapeza powolokera.

“Jambula,” anatero pomaliza. “Ndi mawu chabe. Akamva ndi anthu a ku Beira.”

* * *

Awudiyo yoyamba inali yomvetsa chisoni.

“Ukumveka ngati wakuba mbuzi amene wapezeka ndi chingwe m’manja,” anatero Benilde. “Fufuta.”

Yachiwiri inayamba bwino, mpaka pamene Adilson anati wogulitsayo ndi mtsikana wina wabwino.

“Wabwino wa chiyani? Ukugulitsa galimoto kapena ukufunsira mbeta? Fufuta. Mvera ine.”

Anamuphunzitsa mawu amodziamodzi ngati mwana wa kalasi yoyamba. Anamuuza popumira. Anamuuza kuti asatchule dzina, chifukwa Adilson akati “Benilde” mawu ake ankafewa ngati nthochi yakupsa, ndipo ngakhale wogontha akanazindikira. Adilson anakhosomola, anatembenukira kumunda, nakanikiza foni.

“Bondiya akuluakulu. Ndine Adilson wa ku Fíngoè. Jipi iyi ndaiyendetsa ndekha, ndikuiikira dzina langa. Mwini wake ndi mwana wa malemu. Si m’bale wanga, si kanthu kanga. Ndamudziwa chifukwa cha galimotoyi, ndipo ikapita ndilibe chondipondetsanso pakhomo pawo.” Kenako anaseka pang’ono, kuseka kumene Benilde sanamuphunzitse. “Ine kuno ku Marávia ndinakwatira masipanala, akuluakulu.”

Anatembenuka akumwetulira ngati wakhoza mayeso.

“Bwanji, mphunzitsi?”

“Yakhala bwino,” anatero Benilde.

Inalidi bwino. Inali bwino moti iye mwini, amene analuka mawuwo, anangotsala pang’ono kuwakhulupirira.

* * *

Gulu linawira tsiku lomwelo. Madzulo, atakhala pa benchi ya ku ofisina, Adilson ankamuwerengera mauthenga.

“Uyu akuti, injini yolira chonchi ndinaimva komaliza ndili ndi tsitsi. Uyu akuti mumuuze mwini wake asachotse chingwe cha chitseko, ndicho chikole chake. Uyu wa ku Beira akufunsa ngati nkhukuzo zili pamtengo womwewo.”

“Muuze kuti nkhuku ndi za amayi. Nanga wofuna kugula?”

“Akuyamikira onse. Koma akangomva Fíngoè, amayamba kudandaula za msana.”

Nazário sanalembe mawu. Anangotumiza kachithunzi ka khutu.

“Akutanthauza chiyani?” anafunsa Benilde.

“Musiye. Munthu amene sadziwa kusiyana kwa dizilo ndi palafini. Analowa m’gulu kuti aziwoneka.”

Foni inaliranso. Adilson anayang’ana, ndipo m’malo mowerenga mokweza anayamba kukanda m’khutu.

“Werenga.”

“Ndi wogula. Akuti abwera yekha kudzaiona sabata ya mawa.”

“Ndiye bwanji nkhope yagwa? Bweretsa kuno.”

Uthengawo unali wa munthu wotchedwa Yolanda. Pa chithunzi chake anali atakhala pa boneti ya jipi yofiira, atavala magalasi akuda. Analemba kuti: *Musaigulitse, ndikubwera. Adi, masipanalawo amakuphikira? Ukadali kumwa tiyi wopanda shuga?*

“Adi,” anatero Benilde, akulawa dzinalo. “Ine sindimadziwa kuti uli ndi dzina lalifupi.”

“Ndi zakale, za ku Songo. Tinali ana.”

“Ana omwa tiyi.”

“Beni, ali ndi magalimoto onyamula katundu ku Tete. Akati agula, amagula. Mwa anthu onsewa ndi yekhayo amene sakuopa msewu.”

“Ndaona. Msewu umafupika munthu akamva kuti wina anakwatira masipanala.”

Adilson anafuna kumugwira dzanja. Benilde anaimirira nakonza chitenje chake chimene sichinasokonekere.

* * *

Lamulungu atachoka kutchalitchi, Benilde anapeza mota ya Nazário, njinga yake yamoto, itaima pakhomo. Mwini wake anali pakhonde ndi a Moisés, atavala malaya oyera osagwirizana ndi fumbi la Okutobala. Pakati pawo panali kabokosi kokweza mawu, kamene Nazário ankakonda kuyenda nako.

“Benilde, khala apo,” anatero a Moisés. “Mlongo wanga, nawenso bwera umve.”

A Serafina anakhala pa mphasa pafupi ndi chitseko. Nazário anakanikiza foni, ndipo mawu a Adilson anadzaza bwalo lonse, aakulu kuposa mmene anawalankhulira. Si m’bale wanga, si kanthu kanga. Ngakhale ana a pa nyumba yoyandikana nayo analeka kusewera. Kuseka kwa kumapeto kuja kunamveka bwino kwambiri.

“Ine sindikonda miseche, amalume,” anatero Nazário modzichepetsa. “Ndangoti mumve nokha. Mwina ndine ndinamva molakwa kuti mnyamatayu ali ndi maganizo pakhomo pano.”

“Mawu awa ndi a makaniko uja?” a Moisés anafunsa Benilde.

“Ndi ake, amalume.”

“Uli ndi chonena?”

Anali nacho, chinali pa nsonga ya lilime. Koma Nazário anali atapendeketsa mutu, chala chake chili pafupi ndi foni, akudikira ngati mphaka pa una wa mbewa. Liwu limodzi loti ndi bodza, madzulo omwewo Sinyoro Benedito akanalimva.

“Ndilibe, amalume.”

Nazário anamwa madzi, anatsanzika mwaulemu wonse, ndipo podutsa pafupi ndi Benilde ananong’ona, “Pepani, mana, mlongo wanga. Anyamata obwera ndi choncho.”

Phokoso la mota litazilala, Benilde anagwada pafupi ndi mpando wa amalume ake nafotokoza zonse: lamulo la padirinyu, awudiyo zimene anafufuta, mawu amene anamuphunzitsa yekha. A Moisés anamvetsera osamudula, manja ali pa ndodo.

“Wamaliza?”

“Ndamaliza.”

“Ndiye undithandize, mwanawe, poti unapita kusukulu. Ngati wanena zoona kwa anzakewo, ndiye kuti iwe wakunamiza. Ngati wanena zoona kwa iwe, ndiye kuti wanamiza amuna mazana amene amamukhulupirira, ndipo wanama mosalala, mpaka kuseka. Mwa amuna awiriwa, ndi uti amene ukufuna ndimupatse mwana wa mlongo wanga?”

“Ndamuuza ndine, amalume. Wachitira ine.”

“Ndiye watatu ameneyo: mwamuna woti mkazi akamuuza kuti nama, amanama.” Anapukusa mutu, osakwiya, ndipo kusakwiyako ndiko kunamuopsa Benilde. “Ine zonong’onezana pansi pa mango sindinazimve. Ndamva zonenedwa pagulu. Akwawo akadzabwera, anthu adzandifunsa kuti, a Moisés, si yemwe uja anati alibe chomupondetsa pakhomo panu? Ndidzayankha chiyani?”

Benilde anayang’ana mayi ake. A Serafina ankayang’ana mng’alu wa pakhoma.

* * *

“Ndinena zoona,” anatero Adilson tsiku lotsatira. Anali atamukokera Benilde kuseri kwa ofisina, pakati pa matayala akutha. “Ndijambula ina. Ndinena kuti ndinanama, mtsikanayo ndi wanga, ndimukwatira. Andichotse.”

“Akakuchotsa, jipi aifufuta.”

“Aifufute.”

“Aifufute, mvula ibwere, khoma ligwere amayi. Kenako Nazário abwere ndi njerwa zake. Ndipo amalume adzati wanama kawiri tsopano, uku ndi uku. Waganiza bwino, Adi.”

“Usanditchule choncho.”

“Bwanji? Lili ndi mwini wake?”

Adilson anamenya tayala ndi phazi. “Ndiwe unati ndi mawu chabe!”

“Za masipanala sindinanene ine. Kusekanso sindinakuphunzitse.”

“Ndimafuna akhulupirire!”

“Akhulupirira. Ndi ku Tete komwe akhulupirira, mpaka akuthira dizilo kuti abwere kuno.”

Kumsika wina ankaitanira tomato. Adilson anakhala pa tayala, nkhope ili m’manja, ndipo Benilde anaona kuti kumbuyo kwa khosi lake kunali mafuta akuda pamalo pamene iye yekha ankawapukuta. Dzanja lake linanyamuka lokha. Analibweza, chifukwa mpanda wa ofisina unali ndi mipata, ndipo Fíngoè ndi tauni yaing’ono.

“Tipirire mpaka jipi ipite,” anatero mofatsa. “Ikangopita, gulu lilibenso nafe ntchito. Udzabwera ndi akwanu, udzagwada, amalume adzakalipa, kenako adzatopa. Amatopa.”

“Ukukhulupirira zimenezo?”

Benilde anatuluka yekha, ndipo podutsa kutsogolo kwa ofisina sanacheuke, monga achitira munthu amene si kanthu ka makaniko.

* * *

Yolanda anafika Lachinayi masana pa lole yake yonyamula simenti. Anatsika atavala nsapato zachimuna, napereka moni kwa a Moisés ndi manja awiri, kwa a Serafina atapinda bondo. Benilde anali atakonzeka kumuda, ndipo zinamuwawa kuona kuti mkaziyo sankadeka msanga.

Jipi anaizungulira ngati akuyendera wodwala amene amamukonda. Anagwira injini, ananunkhiza oyilo pa chala, anagona pansi osasamala fumbi. Kenako anakwera ndi Adilson kukaiyesa pa chitunda cha miyala cha kunjira ya ku Chiputo. Benilde anatsala pakhomo akumva kulira kwa injini kukuchepa, kukuchepa. Anachedwa kubwerera. Atabwerera, onse awiri anali akuseka.

“Mana, bambo anu ankaidziwa galimoto,” anatero Yolanda. “Anthu amaganiza kuti chitsulo sichikumbukira. Iyi ikukumbukira dzanja labwino. Sindikuchotserani kanthu pa mtengo wanu.”

A Serafina anaphimba pakamwa ndi nsalu.

“Koma pali chimodzi. Ine ndibwerera ndi lole. Jipiyi ndikufuna aitsitse padirinyu wake mpaka ku Tete, ndipo akhale konko mpaka aikonze yonse mmene ndikufunira. Sindipatsa munthu wina. Malo ogona alipo.” Anatembenukira kwa Adilson. “Masipanala ako ukhoza kuwatenga, Adi. Sindichita nawo nsanje.”

“Zimenezo zitenga nthawi yaitali bwanji?” anafunsa Benilde.

“Galimoto yakale simuifunsa nthawi, mana. Mwina mpaka mvula itatha.”

Mota ya Nazário inalowa pabwalo pamene Yolanda ankatulutsa foni. Anthu oyandikana nawo anali atayamba kale kusonkhana kumpanda, chifukwa jipi ya malemu inali ya tauni yonse.

“Tijambule ya makiyi,” anatero Yolanda. Limenelo linali lamulo lomaliza la Fumbi ndi Dizilo: wogulitsa apereke makiyi pamaso pa kamera, padirinyu ataima pambali, vidiyoyo ipite kugulu, ndipo pokhapo malonda atha.

Benilde anatenga makiyi kwa mayi ake naima pafupi ndi boneti. Adilson anaima kumanja kwake, patali pokwanira munthu wachilendo. Yolanda anakweza foni.

“Pepani, Dona Yolanda,” anatero Nazário akuvula chipewa. “Ine ndine wamng’ono m’gulu, za injini sindizidziwa. Koma malamulo ndimawalemekeza. Padirinyu tinamumva. Nanga wogulitsa tinamumva? Kuno anthu amalankhula zambiri. Ndingadandaule mutapita ndi galimoto, mawa a Benedito n’kumva zina, dzina lanu n’kudetsedwa.”

Yolanda sanatsitse foni. Anayang’ana Nazário, anayang’ana Adilson, kenako maso ake anakhazikika pa Benilde, ndipo kumwetulira kunali kutachoka.

“Ine sindigula galimoto ya bodza, mana, ngakhale ndiikonde bwanji. Ndipo sindikonda kutenga chinthu chimene chili ndi mwini. Ndiuzeni pamaso pa akuluakulu anuwa. Inu ndi Adilson, pali chilichonse?”

Benilde anamva Adilson akukoka mpweya. Ankaudziwa mpweya umenewo, ndi umene ankakoka asananyamule chinthu cholemera. Anadziwa kuti akangochedwa pang’ono, mwamunayo alankhula, anena zonse, mokweza, mosaphunzitsidwa ndi munthu. Kwa kamphindi anafunitsitsa kuti amve mawu amenewo. Koma kuseri kwa phewa la Yolanda ankaona mayi ake ataima pafupi ndi mitengo yochirikiza khoma.

“Palibe,” anatero msanga.

“Beni…” Adilson anayamba.

“Palibe chilichonse,” anabwereza Benilde mokweza, kukwirira mawu a mnzakeyo. Sanachite chibwibwi. Ankadziwa popumira. “Bambowa ndi makaniko. Tinawaitana chifukwa cha galimoto. Ine ndilibe nawo kanthu, ndipo ndilibe kanthu ndi mwamuna aliyense.”

Kumpanda kunamveka kung’ung’udza. Yolanda anamuyang’anabe pang’ono, kenako anagwedeza mutu, ndipo nkhope yake inamasuka ngati ya munthu amene wayankhidwa mafunso awiri ndi yankho limodzi.

A Moisés anadzuka pampando pang’onopang’ono, akutsamira ndodo.

“Mwamva nonse,” anatero, akuyang’ana anthu a kumpanda. “Mnyamata ananena pagulu lake. Lero mwana wanena yekha pakhomo pa mayi ake, popanda womukakamiza. Nkhani imeneyo yatha, munthu asadzaidzutsenso.” Anatembenukira kwa Nazário. “Inu munapempha kalekale, ndinakuuzani kuti dikirani, mwina pali wina. Taona kuti palibe. Auzeni akwanu abwere Loweruka.”

“Zikomo, amalume,” anatero Nazário, chipewa chili pachifuwa.

Benilde anatsegula pakamwa. Pomwepo anaona kuti foni ya Yolanda idakali m’mwamba, ikujambulabe, ndipo makiyi adakali m’dzanja lake, malonda asanathe.

“Tipitirize, mana?” anafunsa Yolanda. “Apatseni a dalaivala. Tikufuna tidutse malo oipa kukadali kowala.”

Adilson sanatambasule dzanja. Benilde analigwira yekha, analitsegula chala chimodzichimodzi anthu onse akuona, anaikamo makiyi, nalitseka.

“Muyende bwino, bambo,” anatero.